Purosesa ndi Sikirini ya Achimwene

Achimwene anga ankayendetsa thirakitala papulazi ya fodya pomwe tonse tinabadwira, kufupi ndi Darwendale. Agogo athu anachokera ku Malawi kalekale, koma ife kwathu komwe timakudziwa ndi komboni yomweyi: mizere ya nyumba za njerwa, mpopi pakati, zigafa zowotchera fodya kumtunda, damu kumunsi. Chaka china, akutsika ndi ngolo yodzaza nkhuni, thirakitala inaterereka pamatope n'kugubuduzika. Anapulumuka, koma msana unathyoka. Kuchipatala ku Harare anachokako ali panjinga ya olumala, ndipo mpaka lero miyendo yawo sigwira ntchito.

Miyezi yoyamba sankayankhula kwenikweni. Panja ankakana kukhala chifukwa mathirakitala amadutsa kutsogolo kwa nyumba yathu, ndipo anzawo akale ankaimika n'kumawapatsa moni wachisoni. Ine ndi amayi tinkalawirira kushedi yosankhira fodya, pobwera n'kuwapeza pomwe tinawasiya, chakudya chili chivindikirire.

Msuweni wathu wa ku Joni ndiye anabwera ndi kompyuta pa Khirisimasi. Chinali chibokosi chakuda, cholemera ngati batire la thirakitala, mbali imodzi yagalasi. Anaigula kwa munthu yemwe anali ataigwiritsa kale ntchito. M'kati mwake munali makhadi awiri a zithunzi, aliyense ndi mafani ake, olumikizidwa ndi kamlatho kakang'ono pamwamba. Anatiuza kuti awiriwo amagawana ntchito yojambula zonse zimene munthu amaona akamasewera. Anabweretsanso chiwongolero chomangirira patebulo, chokhala ndi timakutu kuseri kwake, kuti mafuta ndi mabuleki azigwira ndi zala m'malo mwa mapazi. Asanabwerere anatiikira mapanelo a sola padenga, mabatire ndi inveta, chifukwa magetsi a mawaya kwathu amabwera pomwe afunira.

Sewero lomwe achimwene analikonda linali loyendetsa malole akuluakulu m'misewu ya mayiko akutali. Umanyamula katundu mzinda wina, n'kukatula mzinda wina, osagunda, osachedwa. Analumikiza kompyutayo ku TV yathu yakale, ndipo pang'onopang'ono munthu uja anabwerera. Anayamba kudya. Anayamba kundifotokozera za mapiri omwe adutsa tsikulo ngati anapitakodi. Tsiku lina ndinawamva akutukwana galimoto yomwe inawadula kutsogolo, ndipo ndinalowa kuchipinda kukalira, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawasowa.

Koma kompyutayo inali ndi vuto lake. Lole ikakhala pamsewu wa kutchire zonse zinkayenda bwino. Ikangolowa m'tauni, momwe muli magalimoto ambiri ndi nyumba zambiri, chithunzi chinkadodoma, n'kuima, kenako n'kudumpha. Podumphapo lole inkakhala itagunda kale chinachake. TV nayonso inkawapweteka maso. Zilembo zinkaoneka zosamveka bwino, moti ankachita kuweramira kutsogolo kuti aone magalasi a m'mbali mwa lole ndi zikwangwani za pamsewu, ndipo kuweramako kunkawawawitsa msana. Madzulo ankagona atamanga kansalu konyowa pachipumi.

Tsiku lina nditaweruka ndinapeza chiwongolero atachimasula patebulo n'kuchikankhira kunsi kwa bedi. Iwo anali atayang'ana kukhoma. Ndinkadziwa komwe kukhala chete koteroko kumathera.

"Achimwene, chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe chawonongeka. Zangokalamba."

"Sizingakonzeke?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenako anandionetsa pafoni yawo zomwe anakhala akuwerenga. Anati makhadi awiri aja mphamvu ali nazo, koma purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndi yofooka. Makhadiwo amangokhala kudikira kuti iwauze chochita.

"Zili ngati ngolo ziwiri zazikulu koma wopakira ndi mmodzi," anatero. "Pafunika purosesa ina, ndi sikirini yeniyeni ya kompyuta. Koma usavutike nazo iwe. N'zoseweretsa basi."

Mwezi wotsatira inali nthawi yanga yolandira mukando, chipereganyo chomwe timachita azimayi a kushedi. Ndinali nditakonza zogula bedi langa, chifukwa ndinkagonabe pamatiresi pansi. Nditawauza amayi zomwe ndasintha, anasiya kusita n'kundiyang'ana.

"Anthu a mukomboni akamva ati chiyani? Kuti nyumba ino ilibe mavuto?"

"Amayi, mwaona komwe kuli chiwongolero?"

Anapitiriza kusita. Koma m'mawa mwake anawapititsira achimwene tiyi n'kuwafunsa okha kuti chinthu chofunikacho chimagulitsidwa kuti.

Achimwene sakanatha kupita ku Harare. Kuchokera kukomboni kukafika pamsewu wa tara ndi mtunda wa fumbi ndi mabampu, ndipo makombi, maminibasi a kuno, saima akaona munthu wa panjinga ya olumala. Zinatsalira ine, munthu woti kompyuta ndinkangoipukuta fumbi. Anandiphunzitsa kwa masiku angapo. Anati purosesa sili ngati batire la tochi loti lililonse limalowa. Imakhala pabolodi lalikulu lomwe zonse zimalumikizidwapo, ndipo bolodi lililonse lili ndi malo ake omwe amalandira mitundu ina yokha. Ukagula yolakwika, siilowa. Ukaikakamiza, timano take tating'ono timapindika, basi zatha. Anandiuzanso kuti ndisaiwale kuti ife timadalira sola, choncho chilichonse chodya magetsi ambiri chidzaliritsa inveta, yomwe imalira mabatire akamatha.

Tsiku loti mawa ndinyamuka anatsegula chibokosi chija n'kuchotsa purosesa yakale. Kanali kanthu kakang'ono, kosadzaza chikhatho. Anakaika m'kachitini kopanda kanthu ka mafuta odzola, atayalamo thonje. Anajambulanso bolodi lonse ndi foni yanga.

"Ukawaonetse kuti adziwe mtundu wake. Koma usakaisiye kumeneko, ngakhale akunyengerere bwanji. Ubwere nayo."

Ndinayang'ana kompyuta ili chitsegukire, pakati pake pali dzenje. Ndinazindikira kuti tsopano singayakenso mpaka ine nditabwera, ndipo tulo tinandivuta.

Ndinakwera kombi ya ku Norton, kenako ina ya ku Harare. Njira yonse dzanja langa linali m'chikwama, litagwira kachitini kaja ndi ndalama zomwe ndinazimanga m'kampango. Malo ogulitsa makompyuta anali nyumba imodzi yaikulu yodulidwadulidwa timashopu tagalasi, paliponse nyimbo zake, paliponse anthu oitana. Bambo wa m'shopu yoyamba sanayang'ane n'komwe chithunzi cha bolodi. Anangotulutsa bokosi lowala n'kunena mu Chishona kuti imeneyi imalowa paliponse. Nditatchula za makhadi awiri anaseka, n'kunena kuti zimenezo n'zachikale, masewero atsopano ambiri sagwiritsanso ntchito khadi lachiwiri, bola ndibwere nawo onse awiri andipatse limodzi latsopano. Mwina ankanena zoona, sindikudziwa. Koma ankayankhula mofulumira, dzanja lake lili kale pakabuku ka malisiti. Ndinanama kuti ndikukatenga ndalama, n'kutuluka.

Ndinazungulira m'makonde muja mpaka miyendo inatopa. Pakona ina ndinaona mayi wina wa msinkhu wanga atakhala kuseri kwa tebulo lodzaza zipangizo, akumasula kompyuta ndi sikuludiraiva. Sanandiitane, mwina n'chifukwa chake ndinalowa. Anatenga foni yanga, n'kukulitsa chithunzi cha bolodi mpaka zilembo zake zinawerengeka, kenako anafufuza pakompyuta yake.

"Sisi, bolodi limeneli ndi lakale ndithu," anatero. "Pa zomwe ndili nazo, zolowapo zilipo ziwiri zokha. Iyi ndi yamphamvu kwambiri, koma imatentha ndipo imadya magetsi. Iyi ndi yapakati, komabe ikuposa yanuyo kutali. Amasewera chiyani mwini wakeyo?"

Ndinamufotokozera za malole, ndi za kudodoma m'matauni. Za ngozi sindinanene.

Kenako anandiyatsira masikirini awiri. Ina inali yocheperako koma yofulumira, yoti chithunzi chimasintha kambirimbiri pasekondi imodzi. Anagwedeza mausi ndipo kamuvi kanayenda mosalala ngati madzi. Inayo inali yaikulu ndi yotambalala, zilembo zake zakuthwa, koma liwiro lake lamasiku onse. Anati yofulumirayo imafuna purosesa yamphamvu kwambiri kuti iidyetse zithunzi mokwanira. Yaikuluyo imapatsa ntchito yambiri makhadi a zithunzi, ndipo popeza tili nawo awiri, angaikwanitse. Ndalama zanga zinkakwana purosesa yapakati ndi sikirini imodzi mwa ziwirizo.

Achimwene sanandikonzekeretse za funso limeneli. Ndinatuluka pakhonde n'kuwaimbira. Foni sinalowe. Kukomboni kwathu netiweki imagwira pawindo la kuchipinda kwa amayi ndi kumtunda kuzigafa basi, ndipo iwo anali okha m'nyumba. Ndinaimbanso, n'kuimbanso. Ndinatumiza uthenga, koma unangokhala osapita. Dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinkadziwa kuti ndikachedwa makombi a ku Darwendale avuta.

Nditabwerera, mayi uja anaona nkhope yanga. Anati ngati ndikufuna purosesa yamphamvu ija, ndingamusiyire yakaleyo kuti achotsere mtengo, ndiye zikwana pamodzi ndi sikirini yofulumira. Ndinatulutsa kachitini n'kukaika patebulo. Ndinkaganiza kuti munthu akabwera ulendo wonsewu ayenera kubwerera ndi chabwino koposa, ndipo kanthu kakalekale kaja katithandizanso chiyani. Koma mawu a achimwene anali omveka, ndipo ndinakabweza m'chikwama.

"Munthu akagula n'kukapeza kuti sizikugwira, mumalandiranso?"

"Sikirini ndimalandira ngati sinasweke. Purosesa ikangoikidwa pabolodi, ayi."

Ndinapempha kuti atembenuze masikirini onse awiri ndione zolembedwa kumbuyo za magetsi. Sizinkasiyana kwambiri, choncho sizinandithandize kusankha. Ndinaima pamenepo ngati munthu wosokera. Kenako ndinakumbukira momwe achimwene amakhalira akamasewera, khosi litatambasuka, maso atatsinzina pang'ono, kusakasaka galasi la m'mbali. Iwo sankadandaula kuti lole ikuchedwa. Lole ndi chinthu choyenda modekha. Ankafuna kuona.

"Ndipatseni yaikuluyo, ndi purosesa yapakati."

Anandiwonjezera kachubu ka phala lotuwa lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira, n'kundilembera nambala yake ya foni pabokosi.

Ulendo wobwerera unandikalambitsa. Hwindi, wolandira ndalama mukombi, ankafuna kuika bokosi la sikirini kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Ndinakana, ndipo tinakangana mpaka anthu ena anayamba kudandaula kuti tikuwachedwetsa. Ndinalinyamula pamiyendo, likunditchinga nkhope, bampu iliyonse ndikumva ngati galasi lang'aluka. Titadutsa Norton mvula inayamba. Pomwe ndinatsikira ndinavula chitenje n'kukulunga bokosilo, pamwamba n'kuphimba ndi pepala la pulasitiki lomwe mayi wina wogulitsa tomato anandipatsa. Ndinalisenza pamutu mpaka kukomboni, ndikuponda mosamala pamatope ngati ndanyamula mazira.

Achimwene anamvetsera zonse zomwe ndinasankha osandidula. Atamaliza kuwerenga zolembedwa pamabokosi anangoti, "Tiona mawa."

Mawa lake linali Lamlungu. Titabwera kutchalitchi anandiuza kuti ndiike kompyuta patebulo pafupi ndi windo. Manja awo, omwe anazolowera masipanala, anagwira kanthu kakang'ono kaja mofatsa kwambiri. Kanalowa pamalo pake popanda kukakamiza, ndipo ndinapuma. Anadontheza phala lija, n'kubwezeretsa choziziritsira, n'kulumikiza chingwe cha sikirini kukhadi la pamwamba. Amayi anaima pakhomo la kuchipinda atagwira Baibulo lawo. Achimwene anadina batani.

Mafani anazungulira. Timagetsi ta m'kati tinayaka. Sikirini inakhala yakuda.

Anazimitsa n'kuyatsanso. Anasuntha chingwe kupita kukhadi lachiwiri. Anachotsa sikirini yatsopano n'kulumikiza TV yakale. Palibe chinaoneka. Amayi anatuluka panja mwakachetechete. Ine ndinkayembekeza kuti achimwene andikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Koma anangoika manja pamiyendo yawo n'kuyang'ana pansi.

"Mwina ndagula yolakwika," ndinatero.

"Yalowa bwinobwino. Si iwe."

Ndinang'amba kachidutswa ka bokosi komwe kanali ndi nambala ija n'kuthamangira kuzigafa. Mayi wa kushopu uja anayankha ali pakati pa phokoso la ana. Ndinamufotokozera zomwe zachitika.

"Sisi, pepani, ndinayenera kukuuzani dzulo. Bolodi lanulo lili ndi malangizo akale m'kati mwake, ndipo purosesa yatsopanoyo siliidziwa. Pafunika kuliikira malangizo atsopano. Yakale ija muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Mwachita mwayi, chifukwa popanda iyo sizikanatheka. Muibwezeretse, muyatse, muike malangizowo kuchokera pafulashi, kenako muikenso yatsopanoyo. Ndikutumizirani pafoni. Koma mvetsetsani ichi. Malangizowo akamalowa, magetsi asazime ngakhale pang'ono. Akazima pakati, bolodi lafa."

Ndinakhala pachipika cha nkhuni kudikira kuti zomwe watumizazo zilowe mufoni, ndikuyang'ana kumwamba. Mitambo inali yakuda kuchokera kudamu mpaka kumapiri.

Mvula inagwa masiku otsatizana. Magetsi a mawaya anali atapita kuyambira sabata yapitayo, ndipo mabatire ankangokwanira mababu ndi filiji. Achimwene anabwezeretsa purosesa yakale, kompyuta inayaka monga kale, ndipo anakopera malangizo aja pafulashi. Akanatha kusewera pang'ono ndi sikirini yatsopano, koma sanafune. M'mawa uliwonse ankandituma kukaona manambala a painveta. Tsiku lina anati tingoyesa, zichitike zomwe zichitike. Ndinawapempha kuti tidikire. Kushedi ndinkangoyang'ana kumpata wa denga, kufuna kuona ngati kukuwala.

Kenako kunacha kopanda mtambo. Ndinapempha foromani kuti pa nthawi ya nkhomaliro ndithamangire kunyumba, ndipo anandilola monyinyirika. Ndinapeza achimwene atakonzeka. Anali atachotsa khadi limodzi kuti kompyuta isadye magetsi ambiri. Tinazimitsa filiji, wailesi, ndi chilichonse chomwe chinali pamagetsi. Ndinatseka chitseko kuti wina asalowe n'kupunthwa pachingwe.

Anadina zofunika kudina, ndipo pasikirini panaoneka kamzere kakuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Pansi pake panalembedwa chenjezo lomwe lija loti magetsi asazime. Kamzereko kanafika pakati n'kuoneka ngati kaima. Nthawi yomweyo kuwala kwa pawindo kunachepa. Ndinasuzumira panja n'kuona mtambo umodzi waukulu ukuchokera kudamu. Inveta inalira kamodzi.

"Usayang'ane panja," anatero achimwene.

Ndinagwira chogwirira cha njinga yawo ndi manja onse awiri. Ndinkapemphera mumtima, koma pemphero lake linali la mawu amodzimodzi obwerezabwereza. Kamzere kanasunthanso, kanafika kumapeto, ndipo sikirini inathima. Mafani anasiya kuzungulira. M'nyumba munangomveka madontho a mumpopi wa panja ndi nkhuku za aneba.

Ndinaganiza kuti zatha. Ndinaganiza za msuweni wathu, kuti tidzamuuza chiyani, ndi za masiku omwe ankabwera kutsogolo. Achimwene anakweza dzanja kuti akadine batani, koma analiimika m'malere. Ndiyeno mafani anayambanso okha, ndipo zilembo zoyera zinaoneka pasikirini. Palibe anatiuza kuti kompyuta imadzizimitsa yokha ikamaliza.

Sitinasangalale msanga, chifukwa ntchito inali isanathe. Anazimitsa, n'kuchotsa purosesa yakale, n'kupukuta phala, n'kuika yatsopano, n'kubwezeretsa khadi lachiwiri ndi kamlatho kake. Ulendo uno kasikuluwu kamodzi kanawapulumuka n'kugwera pansi moti ndinakasakasaka nditagwada. Atadina batani, sikirini inakhala yakuda kwa kanthawi kotalika kuposa momwe mtima wanga unkafunira. Kenako inawala.

Ndinatulutsa chiwongolero kunsi kwa bedi n'kuchimangirira patebulo. Anasankha dala ulendo woyambira pakati pa mzinda waukulu, pomwe kale lole inkadodoma kwambiri. Inatuluka pageti, inakhota, inaima pamaloboti pakati pa magalimoto ambirimbiri, n'kunyamukanso. Anatsamira kumbuyo panjinga yawo.

"Buluu wachuluka pasikirini imeneyi," anatero. "Ndikonza. Thamanga, foromani akudikira."

Kushedi ndinafika mochedwa, ndipo foromani anandiyankhula pamaso pa anthu. Ndinakhala pamalo panga n'kuyamba kusankha masamba. Ndinasakaniza fodya wowala ndi wakuda mpaka mayi yemwe timayandikana naye anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu ngati kunyumba kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, kulibe. Anatenga mulu womwe ndinasokonezawo n'kuuika mbali yake, ndipo tinausankhanso limodzi mpaka belu loweruka linalira.